Mvuu ya M'kabokosi

Bokosilo ndinaligula Lamulungu lina m'mwezi wa June, pa msika wa zinthu zakale ku Boksburg. Mzungu wina wokalamba anali atayala katundu wake pa tebulo lopinda: mabuku a nkhondo, mawotchi akufa, mendulo zadzimbiri, ndi mabokosi angapo a zidole zomanga wekha. Lomwe linandikopa linali lophwanyika m'makona, lomangidwa ndi mphira. Pamwamba pake panali chithunzi chozilala cha galimoto yaitali ya matayala akuluakulu, yamimba yosongoka kunsi ngati bwato. M'munsi mwa chithunzicho munalembedwa kuti Casspir, 1:35. Mkuluyo anati zidutswa zonse zilimo, kungoti maso ake anasiya kuona tinthu ting'onoting'ono. Tinanenerera mpaka tinagwirizana ma rand 200, ndipo ndinakwera takisi yobwerera ku Germiston nditalifungatira bokosilo pamiyendo ngati nkhuku ya mphatso.

Sindine munthu wokonda za nkhondo. Ntchito yanga ndi ya mawu. Ndimamasulira zikalata ndi timabuku ta zaumoyo, ndipo masiku ena amandiitana kukatanthauzira m'bwalo la milandu Mmalawi mnzanga akagwidwa alibe mapepala. Ntchito imeneyi imatopetsa mwa mtundu wake: umaweruka mutu utadzaza mawu a anthu ena, pomwe manja sanagwire kanthu tsiku lonse. Ndili mwana ku Ndirande manja anga sankakhala chonchi. Tinkapanga magalimoto a mawaya, matayala ake a zitini za polishi, mfundo zake zomanga ndi malegeni, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Amene galimoto yake inkakhota matayala akutsogolo ndiye anali dolo wa dera lonse. Nditaona bokosi lija manja anangoyamba kuyabwa. Za dzina lolembedwa pamwambalo sindinaganizepo kwenikweni.

Ndimakhala ku Dukathole, m'mphepete mwa tawuni ya Germiston, pakati pa njanji ndi mafakitale. Chipinda changa chili kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti Gogo. Ndinachilandira kwa amalume anga, omwe anakhalamo zaka zambiri akugwira ntchito yowotcherera zitsulo asanabwerere kumudzi. Anzanga a ku yunivesite amadabwa kuti munthu wa digiri yachiwiri akufuna chiyani ku Dukathole. Yankho lake ndi lendi, komanso alongo anga awiri a ku sekondale omwe fizi yawo imachokera m'thumba langa. Dzina la malowa ndi la Chizulu. Ukuduka ndi kusochera, ithole ndi mwana wa ng'ombe: malo amene mwana wa ng'ombe akalowamo sabwerera kukhola. Ukayenda m'tinjira ta pakati pa zisakasa za malata dzuwa litalowa, dzinalo sulifunsanso.

Dukathole inali lokeshoni yakale ya anthu akuda a mu Germiston, tawuni yomwe inakula ndi migodi ya golide monga Simmer and Jack. M'zaka za m'ma 1950 boma la tsankho linasamutsira anthu a kuno ku Natalspruit, komwe lero ndi Katlehong. Gogo anabadwira kuno, anasamutsidwa ali kamtsikana atakhala pamwamba pa katundu pa lole, ndipo anabwerera ali ndi imvi, m'zaka zomwe anthu ankaphana m'misewu ya Katlehong ndi Thokoza chisankho cha 1994 chisanachitike. Zimenezi ndinkazidziwa, chifukwa amazikamba okha akamasenda mbatata pakhomo. Chomwe sindinafunsepo ndi cha mnyamata wa yunifolomu ya sukulu amene chithunzi chake chili pamwamba pa kabati pabalaza pawo.

Usiku woyamba ndinakhuthulira zidutswa zonse pa thaulo. Sizinali za pulasitiki wamba ngati wa zidole za m'sitolo. Zinali za resin, utomoni wa m'fakitale womwe amauthira m'chikombole n'kuuma, wa mtundu ngati wa sopo wochapira. Malangizo ake anali pepala limodzi lofotokopa, mivi ndi manambala basi. Nambala ija ya 1:35 imatanthauza kuti sentimita imodzi pa tebulo langa ikuimira masentimita 35 a galimoto yeniyeni. Casspir yeniyeni ndi yotalika pafupifupi mamita asanu ndi awiri, choncho yanga inali ya masentimita 20, yokwana pachikhatho ndi theka. Resin ili ndi malamulo ake. Uyenera kutsuka chidutswa chilichonse ndi madzi a sopo kuti uchotse mafuta a m'chikombole, apo ayi utoto sugwira. Guluu wa pulasitiki samata. Pamafunika supagluu, amene amamata zala msanga kuposa china chilichonse. Popala ndi sandipepa umanyowetsa, chifukwa fumbi lake si labwino m'chifuwa. Chitseko chimodzi chakumbuyo chinali chopindika, ndipo ndinachiwongola pochiviika m'madzi otentha n'kuchipanikiza pakati pa madikishonale awiri mpaka chitazizira.

Kumanga chinthu kumakuphunzitsa maganizo a amene anachipanga. Nditalumikiza mbali ziwiri za mimba ija, ndinamvetsa ndi zala zomwe ndikanangowerenga n'kuiwala. Kusongoka kwake kunsi n'kwakuti bomba lokwirira pansi likaphulika, mphamvu yake isamenye pansi pa galimoto mwachindunji koma igawikane n'kuthawira m'mbali. Matayala ndi zitsulo zake zili kunja kwa thupi, kuti bomba lithothole tayala koma anthu a m'kati apulumuke, ndipo amakaniko abwezeretse lina kutchire komweko. Thupi lonse lili m'mwamba, kutali ndi nthaka. M'kati muli mipando iwiri kutsogolo ndi ina khumi ndi iwiri kumbuyo, yoyang'anizana. Ndinamata mipando imeneyi umodziumodzi ndi kachitsulo kozulira nsidze, ndipo ndivomere kuti ndinachita nayo chidwi. Amene anajambula galimoto imeneyi ankafunitsitsa kuti munthu wokhala m'katimo abwerere kwa amayi ake ndi miyendo yonse iwiri.

Dzina lake linapangidwa polumikiza zilembo za mabungwe awiri: CSIR, bungwe la boma lofufuza za sayansi, ndi SAP, apolisi a nthawi ya tsankho. Inayamba kugwira ntchito cha m'ma 1980, makamaka kumpoto kwa Namibia, m'manja mwa gulu la apolisi lotchedwa Koevoet, dzina la Chiafrikaans la chitsulo chokanulira. Magalimoto ena a nkhondo a dziko lino anapatsidwa mayina a nyama: Buffel ndi njati, Ratel ndi chiuli, Eland ndi ntchefu. Casspir yokha ndi ya zilembo za maofesi. Monga womasulira ndinadzifunsa kuti pa Chichewa ndingaitche chiyani. Si kasinja, chifukwa ilibe mzinga ndipo imayenda ndi matayala. Kunena kuti galimoto yosalowa zipolopolo n'zoona, koma kumeneko n'kuiona ndi maso a munthu amene ali m'kati. Anthu a m'malokeshoni, omwe ankaiona ali kunja, ambiri ankangoitcha hippo, dzina la galimoto ina yakale yomwe apolisi analowa nayo mu Soweto mu 1976. Mvuu. Aliyense amene anakulira m'mbali mwa Shire amadziwa kuti nyama imeneyi imaoneka yaulesi mpaka tsiku limene yagubuduza bwato.

Loweruka lotsatira ndinatsuka matayala ndi thupi lomwe ndinali nditalumikiza kale, n'kuziyanika pa mbale yathasa pakhomo panga. Ndinalowa m'nyumba kukayankha foni. Potuluka ndinapeza Gogo ataima pamenepo ndi beseni la zovala m'manja. Sanali kuyang'ana ine.

"Mwanangu, ichi n'chako?"

Timalankhulana m'Chizulu, ndipo pano ndikungoika m'chinenero chathu. Ndinayankha kuti inde, Gogo, ndi chidole chabe, chongotayitsa nthawi.

"Chidole," anatero. Anayanika zovala zawo zonse mosafulumira, n'kulowa m'nyumba.

Madzulo amenewo sanandiitane kudzamwa tiyi monga amachitira Loweruka lililonse. Lamulungu anapita kutchalitchi osagogoda pachitseko changa. Lolemba tinakumana pampopi, ndinapereka moni, anayankha bwinobwino, koma moni wa munthu wa lendi. Zaka zisanu zonse anali asanandipatsepo moni wotero.

Ndinaimbira amalume kumudzi. Nditawafotokozera anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yathawa.

"Mphwanga, sukulu yonse ija sinakuuze? Mwana wawo uja wa pachithunzi anamutenga ndi chimenecho."

Kenako anandiuza nkhani ya 2008, yomwe ndinkaganiza kuti ndikuidziwa. Chipolowe chothamangitsa anthu obwera chinayambira ku Alexandra pa 11 May chaka chimenecho, ndipo pasanathe sabata chinali chitafika kuno ku East Rand. Pa 18 May, ku Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park, mtunda wochepa kuchokera pano, anthu anawotcha Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse lapansi. Anthu 62 anaphedwa m'masabata amenewo. Ine ndinali ku Blantyre, ndikumvera pa wailesi ndi amayi, omwe sankadya podikira foni ya mlongo wawo. Pamapeto tinamva kuti amalume ali moyo, apolisi anawatenga, akugona pa holo ya mzinda wa Germiston pamodzi ndi mazana a anthu ena. M'banja mwathu nkhaniyo inkathera pomwepo: anapulumutsidwa ndi galimoto ya apolisi. Amalume mpaka lero amaitcha Casspir, ngakhale kuti apolisi a zaka zimenezo ankayendera kwambiri ina yotchedwa Nyala.

Chomwe anali asanatiuzepo n'chakuti anafika bwanji pa galimotopo. Masiku awiri anabisala kunsi kwa bedi la Gogo. Anyamata a zikwanje anabwera kawiri, ndipo Gogo anaima pakhomo n'kuwatchula mayina a amayi awo mmodzimmodzi mpaka anachoka. Usiku wachitatu kunamveka kuti galimoto ya apolisi yaima kumsewu waukulu. Gogo anawafunditsa amalume bulangete ndi duku, anawauza kuti awerame ngati nkhalamba yodwala ndipo asatsegule pakamwa, n'kuwagwira mkono kudutsa m'tinjira tonse. Atafika, zitseko zinali zotseka. Gogo anamenya chitsulocho ndi chikhatho mpaka wapolisi anatsegula.

"Dzanja lawo linkanjenjemera, mphwanga. Ine ndinkayesa akuopa anyamata aja. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ayi."

Usiku umenewo ndinabwezera zonse m'bokosi, ndinamanganso mphira, n'kulikankhira kunsi kwa bedi. Ndinachita manyazi a mtundu womwe sindinkaudziwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo ine ndinkadziyesa mlendo wabwino: lendi pa nthawi yake, Chizulu chaulemu, zinyalala kuzitaya pamalo pake. Koma ndinali nditayanika pabwalo la mayi uja, pa mbale yodyera, chinthu chomwe chinamutengera mwana, n'kumuuza kuti ndi chidole. Ndikanakhala mwana wa kuno sindikanachita zimenezo, kapena ndikanazichita ndikudziwa. Ine ndinazichita chifukwa kwa ine mbiri ya dziko lino inali ya m'mabuku, yomwe ndinalembapo mayeso n'kukhoza bwino.

Ndipo ife Amalawi tili ndi chifukwa china chochitira manyazi pa nkhani imeneyi. Mu 1967 boma la Kamuzu Banda linatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho pamene mayiko ena a anthu akuda ankalisala, ndipo mu 1971 iye mwini anabwera kudzacheza kuno. Ndalama za ku Pretoria zinathandiza kumanga likulu lathu ku Lilongwe. Agogo anga aamuna anabwera ku Joni pa Wenela, anakumba golide, anabwerera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Kunyumba kwathu Joni anali malo ochokerako zinthu zabwino. Za magalimoto oyenda usiku m'malokeshoni palibe amene ankatiuza. Komabe mabomba okwirira, omwe galimoto imeneyi inapangidwira, ife tinkawadziwa. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kwathu anthu oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Dedza, ku Ntcheu, ndipo ena mwa iwo anafika ndi ndodo m'malo mwa mwendo. Nkhondoyo itatha, ma Casspir omwewa anagwira nawo ntchito yochotsa mabomba m'minda ya ku Mozambique, dziko lomwe linalengeza mu 2015 kuti lathana nawo. Ena anapakidwa utoto woyera n'kupita kukasungitsa mtendere. Zonsezi n'zoona. Ndinazisanja m'mutu mwanga usiku wonse ngati loya wokonzekera mlandu, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene ndikanatha kukanena pakhomo pa Gogo.

Lachinayi ndinagula shuga ndi mkaka, ndinagogoda, ndinakhala pansi pa mkeka osati pa sofa, n'kunena kuti Gogo, ndinalakwa, sindinkadziwa, ndipo chinthu chija ndikachitaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukachitaya kuti? Ana akachitole?"

Ndinalibe yankho.

"Kachitenge ndichione."

Ndinabwera nalo bokosi lija. Anavala magalasi, anatenga thupi la galimotoyo m'manja onse awiri, analitembenuza, anasuzumira m'kati. Kenako anayamba kulankhula, maso ali pa chinthucho. Munali mu June 1986, masiku ochepa boma litalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse pa 12 mwezi umenewo, lomwe linkalola apolisi kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Mnyamatayo anali ndi zaka 17. Anamutuma kukagula palafini. Mayi woyandikana nawo ndi amene anaona: galimoto inaima, zitseko zakumbuyo zinatseguka, anyamata anayi anaponyedwamo ngati matumba. Gogo anayenda ku mapolisi onse omwe ankawadziwa, ndipo kulikonse ankawauza kuti dzina limenelo mulibe m'buku. Anabwera patatha miyezi isanu, khutu limodzi losamva. Sukulu sanabwerereko. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo sanagonepo m'chipinda chotseka chitseko, ngakhale mu July, ngakhale masiku omwe kunja kunkalira mfuti.

Sanalire. Anatenga tayala limodzi n'kuliyerekeza ndi thupi lija.

"Matayala ake anali aatali kuposa mwana wa sitandade wani. Apa pamawindo pankakhala waya, chifukwa cha miyala. Waya uli kuti?"

Ndinawaonetsa kachidutswa ka mkuwa kopyapyala kokhala ndi timabowo, komwe ndinali ndisanamate. Anagwedeza mutu movomereza. Analoza timabowo ta m'munsi mwa mawindo n'kunena kuti umu ndi momwe munkatulukira mfuti. Anati pamwamba pankakhala potseguka, ndipo anyamata achizungu ankaimirira pamenepo, ena aang'ono ngati mwana wawo yemwe, akutafuna chingamu. Anati usiku unkayamba kuimva m'mimba usanaimve m'makutu, ndipo agalu ankasiya kuuwa. Pepala langa la malangizo linalibe zimenezi.

"Uchipaka mtundu wanji?"

Funso limeneli ndinali nditalimbana nalo kale. Omanga zidole zoterezi amakangana kwambiri za utoto, chifukwa utoto ndi umene umanena chaka ndi malo. Ndikanatha kupaka wobiriwira wa kutchire la ku Namibia. Ndikanatha kupaka woyera wa osungitsa mtendere, ndipo kunena zoona ndi umene ndinali nditasankha mumtima kuyambira pa foni ya amalume, chifukwa unkandipeputsa. Ndinali nditaonanso zithunzi za Casspir yeniyeni yomwe mmisiri Ralph Ziman, pamodzi ndi amisiri a mikanda, anaikuta yonse ndi mikanda yowala mu 2016. Ndinawauza Gogo za woyerawo.

"Ayi. Chomwe chinabwera kwathu chinali chachikasu, ndi mzere wabuluu m'mbali. Ngati ukupanga, panga chimenecho. Usachiveke zovala za kutchalitchi."

Ndinamaliza m'masabata atatu. Kupaka utoto ku Dukathole mu August ndi nkhondo payokha, chifukwa mphepo imanyamula fumbi la milu ya m'migodi yakale n'kulilowetsa paliponse, ngakhale m'mano. Ndinkapaka m'bandakucha mphepo isanadzuke, n'kuvundikira ndi chidebe cha ayisikilimu. Ndinayamba ndi utoto wotuwa wapansi, womwe umaonetsa ming'alu yonse yomwe unaiphonya. Wachikasu ndi wovuta: ndi wopyapyala, ndipo ukaupaka wambiri nthawi imodzi umadikha m'makona. Ndinapaka kanayi, mopyapyala, ndikudikira tsiku lathunthu pakati. Mzere wabuluu ndinaudula ndi tepi. Magetsi akazima ndinkagwira ntchito ndi tochi ya foni nditaiika m'kapu. Matayala awiri apadera amakhala m'mbali chakumbuyo, ndipo powamata ndinali nditawerenga kale kuti ku Namibia a Koevoet ankamangirira mitembo ya anthu omwe awapha kunja kwa magalimoto amenewa n'kumayenda nayo m'midzi. Ndinawamata ndithu. Kuwasiya kukanakhala kuveka zovala za kutchalitchi kuja.

Gawo lomaliza ndi lodetsa. Chidole chongopakidwa kumene chimaoneka chabodza, choncho omanga amachikalambitsa: utoto wakuda wosungunula kwambiri kuti ulowe m'mizere, burashi youma yopaka pang'ono m'makona kuti chitsulo chioneke chopalika, ndi fumbi. M'masitolo amagulitsa fumbi la m'timabotolo, lililonse ndi dzina la chipululu chake. Ine ndinatapa la pakhomo ndi supuni, ndinalisefa pa sokosi yakale, n'kulipaka m'matayala ndi kunsi kwa mimba. Linagwira bwino kuposa momwe ndinkayembekezera.

Gogo ankabwera madzulo ena kudzaona. Sankakhala pansi. Tsiku lina anati chikasucho chawala kwambiri. Tsiku lina anati tsopano chafanana. Tiyi wa Loweruka anabwerera, ngakhale kuti sitinakambenso za mnyamata uja. Mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, yemwe amabwera pa holide kuchokera ku Vosloorus, ataiona anafunsa ngati ndi galimoto yonyamula ndalama za kubanki. Gogo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anamukhazika pansi n'kumuuza kuti ndi chiyani, ndi kuti munthu wa pachithunzi uja anali ndani kwa iye. Ine ndinatuluka kukatunga madzi omwe sindinkawafuna.

Sindikunena kuti chidole changa chinachiritsa munthu. Gogo anali atanyamula nkhani yawo zaka pafupifupi makumi anayi popanda thandizo langa, ndipo ndikanapanda kugula bokosi lija akanamuuzabe mdzukuluyo tsiku lina, mwa njira yawo. Sindikudziwanso ngati munthu wobwera ngati ine ali ndi ufulu wopanga kanthu kokongola kuchokera ku chinthu chomwe chinazunza eni dera, pakuti kunena zoona n'kokongola, ndipo ndinasangalala pokapanga. Kusangalala kumeneko sikunachoke nditamva nkhani ya 1986; kunangokhala pamodzi ndi manyazi, monga anthu awiri osagwirizana okhala nyumba imodzi ya lendi. M'bwalo la milandu ndimalumbira kuti ndidzanena zomwe munthu wanena, osawonjezera, osachotsa. Pa tebulo langa ndinapeza kuti ndinali wokonzeka kuchotsa, ndipo amene anandiletsa ndi mayi yemwe anasiya sukulu ali sitandade 4.

Zidutswa zomaliza zinali zitseko ziwiri zakumbuyo, chimodzi mwa izo chija ndinachiwongola m'madzi otentha. Malangizo amalola kuzimata zotseka kapena zotsegula. Zotseka n'zosavuta ndiponso zolimba. Zotsegula zimangogwira pa timahinjesi tiwiri tating'ono ngati njere za mpunga, ndipo zimathyoka munthu akangoyetsemula pafupi. Ndinatenga galimotoyo ndi zitseko zake pa mbale n'kupita nazo pabalaza kukafunsa.

Gogo anali akusita yunifolomu yawo ya kutchalitchi. Anayang'ana kamodzi n'kubwerera ku nsalu yawo.

"Zisiye zotsegula."

Ndinazimata chomwecho. Galimotoyo ili pawindo la chipinda changa, kumbuyo kwake kutaloza pabwalo. Chitseko chakumanzere chathyoka kale kawiri, ndipo kawiri konse ndachimatanso. Amalume nditawatumizira chithunzi pa WhatsApp anayankha kuti yawo ija inali yoyera, ndipo anafunsa ngati denga la Gogo likudonthabe pakona ya kukhitchini. Likudonthabe. Ndawalonjeza kuti ndilikonza mvula ya October isanayambe.